Mowa wa pa ukwati: tilipire tokha kapena alendo adzigulire?

Funso: "Ndikumanga banja mu Okutobala, ndipo madyerero adzachitikira pa gadeni ina kuno ku Lilongwe kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko madzulo. Tikuyembekezera anthu 250. Eni malo atipatsa njira zitatu: tilipire mtengo umodzi pa munthu aliyense anthu n'kumamwa mmene angafunire, kapena tisiye ndalama ku bala anthu azimwa mpaka zithe, kapena tibwere ndi mowa wathu koma tilipire corkage, ndalama imene eni malo amalipiritsa munthu akabwera ndi zakumwa zake. Komiti yagawanika. Anzanga akuti ukwati wopanda mowa waulere ndi manyazi, pomwe akuchikazi ambiri ndi anthu opemphera, samwa. Msungichuma akuti aliyense adzigulire yekha. Ine ndikuopa zinthu ziwiri: kunenedwa kuti ndine woumira, komanso kuyamba banja ndi ngongole. Ndichite bwanji?"

Achimwene, choyamba ikani mtima m'malo. Nkhani ya mowa imagawanitsa makomiti ambiri a ukwati, ndipo kawirikawiri amene amakweza mawu pa nkhaniyi si amene adzalipire bilu. Palibe mwambo wathu umene umati mkwati aledzeretse mudzi wonse ndi ndalama za m'thumba mwake. Kumudzi masese ndi thobwa zinkachuluka pa ukwati chifukwa chimanga ndi chimera zinkachokera m'makomo ambiri, azimayi a mbumba n'kufulula limodzi. Mtolo unali wa onse. Pa gadeni ya m'tauni botolo lililonse lili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umaposa wa pa golosale. Udindo umene simungauthawe ndi woti mlendo aliyense adye, apeze madzi ndi choziziritsa kukhosi popanda kupisa m'thumba. Mowa ndi chowonjezera, ndipo muli ndi ufulu wonse wouikira malire.

Malirewo ndiye nkhani yonse. Njira iliyonse mwa zimene mwatchulazi itha kuyenda bwino ngati tsiku lisanafike mwagwirizana ndalama yeniyeni imene simudzaipyola, komanso mwasankha munthu mmodzi yekha wokhala ndi mphamvu yonena kuti "basi, pano tatseka". Ziwirizi zikasowa, ngakhale njira yooneka yotchipa idzakuliritsani Lolemba lake.

Musanayang'anenso quotation ya eni malo, khalani pansi ndi mayi wa kunyumba amene mukutengayo, mutenge mndandanda wa oitanidwa ndi cholembera. Chongani dzina lililonse la munthu amene mukudziwa kuti amamwa. Chotsani ana, agogo, a kwaya, amayi a chigwirizano, ndi akuchikazi amene mwanenawo. Anthu ambiri amadabwa akachita zimenezi, chifukwa m'mutu amawerengera mowa wa anthu 250 pomwe akumwa enieni safika ndi theka lomwe. Tiyerekeze kuti inu mwapeza 100. Nambala imeneyi ndi imene tigwiritse ntchito pa masamu onse otsatirawa. Powerengera, ochita maphwando amatenga mabotolo awiri pa ola loyamba, kenako limodzi pa ola lililonse lotsatira. Pa maola anayi ndiye mabotolo asanu pa munthu, kutanthauza mabotolo 500, amene ndi makireti 25 a mabotolo 20. Ukwati wa mu Juni kapena Julayi, kukuzizira, anthu samwa mpaka kufika pamenepo. Wanu ndi wa mu Okutobala, dzuwa la chilimwe likuswa mtengo, choncho mowa ukakhala waulere wopanda woletsa nambalayi idzapyoledwa.

Tiyambe ndi njira yolipira pa munthu aliyense. Ubwino wake ndi woti bilu mumaidziwiratu, ndipo tsikulo mulibe chodandaula. Koma funsani eni malo funso limodzi: kodi mukuwerengera anthu onse 250, kapena akumwa okha? Ambiri amawerengera mpando uliwonse. Ndiye tengani mtengo wa pa munthuwo, muugawe ndi mtengo wa botolo limodzi la Green pa bala yawo yomweyo. Mukapeza kuti mtengo wa pa munthu ndi wofanana ndi mabotolo anayi, ndiye kuti mukulipira mabotolo 1,000. Kuti ndalamayo ibwerere, akumwa anu 100 aja ayenera kumwa mabotolo khumi aliyense m'maola anayi, ndipo zimenezo zitachitikadi ndiye kuti ukwati wasokonekera. Njira imeneyi imapindulitsa pa phwando la anthu ochepa amene pafupifupi onse amamwa. Pa ukwati ngati wanu, wakuti mbali imodzi simwa, ndi kulipirira a kwaya mowa umene sadzaununkhiza n'komwe. Ine sindikukulangizani, pokhapokha eni malo atavomera kuwerengera akumwa okha ndi kuwazindikira ndi timalamba ta pamkono.

Njira yachiwiri, yosiya ndalama ku bala, ndi yabwino papepala ndipo ndi imene imabweretsa mikangano yambiri. Zimachitika motere. Anthu akadziwa kuti mowa ndi waulere koma utha, amathamangira kuunjika. Tebulo la anyamata asanu limaitanitsa mabotolo 20 nthawi imodzi, ena n'kuikidwa pansi pa tebulo, ena n'kupita ku buti ya galimoto. Botolo likafunda limasiyidwa lili theka, woperekera amalichotsa, n'kutsekula lina. Pofika 3 koloko ndalama yatha, ndipo amalume amene anachedwa kujambulitsa zithunzi sanalawe kalikonse. Apa m'pamene woyang'anira bala amapita kwa aliyense wovala suti wooneka ngati wa komiti n'kufunsa kuti "tipitirize?", ndipo munthuyo, atamwa kale, amayankha kuti "pitirizani, tidzaona". Bilu yowonjezerayo imadzapeza inu.

Mukasankha njirayi, tsekani mipata imeneyi polemba. Pepala linene ndalama yonse, linene mitundu ya zakumwa imene ikulowa pa bilu yanu ndi mtengo wa chilichonse, linenenso dzina la munthu mmodzi amene angawonjezere ndalama, ndi kuti chilichonse choperekedwa popanda siginecha yake simudzalipira. Munthuyo akhale wosamwa tsikulo, ndipo asakhale inu kapena aperekezi anu, chifukwa inu mudzakhala muli kutsogolo mukuvina. Auzeni a ku bala kuti munthu azitenga botolo limodzi kapena awiri pa ulendo umodzi, lotsekuliratu, komanso kuti adziwitse munthu wanuyo ndalama ikafika theka ndi pamene yatsala pang'ono kutha. Zitsekerero za mabotolo onse operekedwa pa bilu yanu aziziponya mu ndowa imodzi. Madzulo kuwerenga zitsekerero kumatenga mphindi zochepa, ndipo kumathetsa mkangano wa "tinapereka makireti 18" pomwe inu munaona 12.

Njira yachitatu, yobwera ndi mowa wanu, kawirikawiri ndi imene imatchipa, koma ntchito yake ndi yambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Musayerekeze mtengo wa ku holoselo ndi wa pa bala basi. Pa mtengo wa ku holoselo onjezerani corkage, galimoto yonyamula popita ndi pobwerera, madzi oundana, malipiro a operekera ngati eni malo sapereka awo, ndi dipoziti ya makireti ndi mabotolo. Dipozitiyi imaiwalika kwambiri. Mabotolo a Green, Special, Kuche Kuche komanso a Fanta ndi Coca-Cola agalasi ndi obweza, ndipo pa ukwati amasweka, ena amapita ndi alendo. Botolo lililonse losowa likudya dipoziti yanu. Funsaninso bwinobwino mmene corkage akuwerengera: pa kireti, pa botolo, kapena ndalama imodzi ya tsiku lonse. Ena amalola mowa wa m'makireti pa mtengo wochepa koma amadulitsa botolo lililonse la vinyo ndi la mowa waukali. Mukaphatikiza zonse n'kupeza kuti kusiyana ndi mtengo wa pa bala n'kochepa, musavutike, gulani kwa eni malo.

Kukakhala kuti kusiyana n'kwakukulu, kambiranani ndi wogulitsa kuti makireti osatsekulidwa mudzabweze n'kulandira ndalama zanu, ndipo zimenezi zilembedwe pa lisiti. Si onse amavomera, koma amene mukuwagula makireti ambiri nthawi zambiri amamva. Katundu afike pamalo m'mawa, awerengedwe pamaso pa munthu wanu ndi wa eni malo, asainirane, alowe m'chipinda chokhoma, kiyi akhale ndi munthu mmodzi. Atulutsidwe makireti asanu asanu, ndipo atsopano atuluke pokhapokha opanda kanthu abwerera. Kuba kwa pa ukwati sikuchitika ndi alendo okha. Pamakhala wa komiti "wosungira anzake a after party" makireti atatu, ndi woperekera wodutsitsa kireti kuseri kwa tenti. Za kuziziritsa musadalire firiji imodzi ya eni malo, magetsi atha kuthima. Konzani migolo yodula pakati kapena mabafa akuluakulu, muike mabotolo, madzi oundana ndi madzi pang'ono maola awiri kapena atatu alendo asanafike, pamthunzi, mutafunditsa ziguduli zonyowa. Mowa wofunda mu Okutobala anthu amausiya theka, ndipo mumataya kawiri.

Tsopano maganizo a msungichuma wanu, oti aliyense adzigulire. Si zachilendo konse m'maukwati a m'tauni, ndipo munthu wanzeru sadzakunenani malinga ngati chakudya, madzi ndi zoziziritsa kukhosi mwapereka. Koma pali chinthu chimodzi cha kwathu kuno chimene malangizo ochokera kunja sachiganizira: perekaniperekani. Mlendo amabwera ndi ndalama imodzi m'thumba, wasinthitsa ma K5,000 ake kukhala ma K200 ndi ma K500 kwa makashiya. Bala yogulitsa ikatsekulidwa kuyambira 1 koloko, ndalama imeneyo imagawika pakati pa mbale yanu ndi kauntala ya eni malo. Choipa china n'chakuti abambo amakasonkhana ku bala, MC akuitana "anzake a mkwati a kuntchito" koma pabwalo pakubwera anthu atatu. Mowa waulere wopanda malire nawo uli ndi vuto lofanana nalo, anthu amakhazikika pa tebulo osafunanso kuimirira. Choncho funso si loti alipire ndani lokha. Nthawi imene bala ikutsekulidwa nayo ndi ndalama.

Pa ukwati wanuwu ndingakulangizeni kuphatikiza. Madzi ndi zoziziritsa kukhosi zikhale zaulere kwa onse: werengerani mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi ndi awiri a madzi a 500ml pa munthu, ndiye 500 ndi 500, ndipo ngati pali azakhali odziwa kuphika thobwa labwino, ndowa ziwiri kapena zitatu zidzasangalatsa akuluakulu kuposa Fanta. Kwa akumwa, perekani makuponi atatu pa munthu. Anthu 100 kuchulukitsa katatu ndi mabotolo 300, makireti 15. Onjezerani makireti awiri osungira alendo olemekezeka ndi amene munawaiwala, akhale m'manja mwa munthu wanu uja. Makuponi akatha, wofuna kupitiriza adzigulire pa bala ya eni malo. Mwatero ndiye kuti mnzanu aliyense wamwa mowa wa mkwati, palibe angakutcheni woumira, ndipo inu mukudziwa lero kuti mowa wonse ndi makireti 17, osapyola. Eni malo ambiri amaikonda njirayi chifukwa nawonso amagulitsa kumapeto, ndipo mutha kugwiritsa ntchito mfundo imeneyi powapempha kuti atsitse corkage.

Makuponiwo akhale ndi manambala otsatizana ndi chidindo kapena siginecha ya inki yamtundu, chifukwa pepala wamba limajambulidwa pa fotokope mosavuta. Musawaike mu khadi loitanira, adzayenda m'manja ambiri tsiku lisanafike. Aperekedwe pa geti kapena pa tebulo ndi anthu awiri odziwa alendo, mmodzi wa kuchimuna, wina wa kuchikazi. Kuponi iliyonse ikhale ya botolo limodzi la mowa kapena tambula imodzi ya vinyo, ndipo wa ku bala aziing'amba pakona n'kuisunga. Ena adzapatsa anzawo makuponi awo, zimenezo zisakuvuteni, chiwerengero chonse sichisintha. Geti ndiyo muisamale. Ukwati wa kwathu umakoka osaitanidwa, ndipo masamu onsewa amagwa ngati anthu 250 asanduka 400. Ngati simungathe kuletsa anthu kulowa, makuponi ndi amene adzakutetezani, pomwe bala yaulere ingakumizeni.

Pa nthawi, uzani MC ndi a ku bala chinthu chimodzi. Alendo akafika alandire madzi ndi choziziritsa kukhosi. Makuponi ayambe kugwira ntchito pa nthawi ya chakudya, magulu akuluakulu a perekaniperekani atadutsa kale. Mowa wolowa m'mimba muli chakudya suledzeretsa msanga, ndipo malankhulidwe a makolo amamveka anthu adakali bwinobwino. Bala yogulitsa itsekulidwe pambuyo pake. MC alengeze dongosololi poyera kamodzi kapena kawiri mwaulemu, kuti munthu asakachite manyazi pa kauntala atauzidwa kuti alipire. Ndi bwinonso kuti uthenga wa pa WhatsApp wokumbutsa alendo unene mwachidule kuti zakumwa zoyamba ndi za eni ukwati, zowonjezera ndi zogula. Funsani ngati bala imalandira Airtel Money kapena Mpamba, kuti ndalama za m'manja zitsalire mbale.

Mowa waukali musaulowetse pa makuponi kapena pa bilu yaulere. Botolo la 750ml la Malawi Gin kapena brandy limatulutsa matoti 30 a 25ml ngati wothira akugwiritsa ntchito choyezera. Akamathira ndi maso, kapena botolo likasiyidwa pa tebulo, silifika ndi pa matambula 15 omwe, ndipo ndewu zambiri za pa ukwati zimayambira pamenepo. Ngati pali akuluakulu amene mukufuna kuwalemekeza nawo, gulani mabotolo awiri kapena atatu, aperekedwe ndi woperekera mmodzi ku matebulo odziwika. Vinyo wa 750ml amadzaza matambula asanu abwinobwino, kapena asanu ndi imodzi ang'onoang'ono. Wokwezera matambula pofunira akwati mafuno abwino safunika kufika kwa anthu onse 250. Tebulo lapamwamba ndi la makolo likwanira ndi mabotolo anayi kapena asanu, ena onse akweze chimene ali nacho m'manja. Poganizira akuchikazi, pa tebulo la makolo ikanipo madzi a mphesa othwanima opanda mowa.

Nkhani ya akuchikaziyi musaitenge ngati ya masamu. Pali mabanja amene samwa koma alibe vuto ena akamamwa chapatali, ndipo pali ena amene kuona botolo la mowa pa ukwati wa mwana wawo ndi chipongwe chimene sadzachiiwala. Inu simungadziwe kuti apongozi anu ali mbali iti pongoganizira, ndipo si nkhani yoti muwafunse nokha maso ndi maso. Apa m'pofunika ankhoswe. Akambirane mbali zonse ziwiri mwezi usanathe, abweretse yankho lomveka. Akalola, ikani bala kumbali, kutali ndi matebulo a makolo ndi a mpingo. Akakana, musakakamire. Chitani madyerero opanda mowa, ndipo madzulo anzanu mukakumane nawo kwina, kumene mungaike makireti asanu kapena khumi, ena n'kumadzigulira. Njira imeneyi imatchipa kuposa zonse. Funsaninso abusa kapena ansembe amene akudalitsa ukwatiwo, chifukwa mipingo ina ili ndi malamulo ake pa za mowa pa madyerero a akhristu awo, ndipo ndi bwino kumva lero kusiyana ndi kuitanidwa ku bwalo la mpingo mutabwera ku honeymoon.

Pa za mgwirizano ndi eni malo, kumbukirani kuti mitengo kwathu kuno sikhala malo amodzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri amene anali ndi ma quotation akale anauzidwa mitengo yatsopano. Funsani kuti mtengo umene akupatsaniwo ugwira ntchito mpaka liti, ndipo ngati mwalipira dipoziti, pepala linene ngati mtengo watsekedwa kapena ayi. Funsaninso ngati msonkho wa VAT ndi ndalama ya operekera zili kale m'kati. Mukamagula nokha, musagule kudakali miyezi itatu n'kuunjika m'chipinda chotentha, koma musadikirenso Lachisanu la ukwati, chifukwa nyengo ya maukwati mtundu wina umatha kusowa. Sabata ziwiri kapena imodzi ukwati usanachitike ndi nthawi yabwino. Ndipo musakonze zoti bilu ya mowa idzalipidwe ndi ndalama za perekaniperekani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za mu mbale simukuzidziwa, ndipo zili kale ndi ozidikirira ambiri, a zokongoletsa, a zithunzi ndi a DJ.

Pali mbali ya lamulo imene makomiti ena amaiphonya. Kugawa mowa waulere kwa alendo anu ndi nkhani ina, kugulitsa ndi nkhani inanso. Komiti ikaganiza zogula makireti ku holoselo n'kumagulitsa yokha pa ukwati kuti ipeze phindu, imeneyo ndi bizinesi ya mowa, ndipo imafuna chiphaso cha khonsolo. Bala yogulitsa isiyireni eni malo amene ali ndi chiphaso, ndipo muwafunse ngati alidi nacho. Mukafunitsitsa kugulitsa nokha, pitani kaye ku khonsolo ya mzinda mukafunse zofunika. Ana osakwana zaka 18 asapatsidwe kuponi, ndipo asatumidwe ku bala kukatengera akuluakulu. Woyendetsa galimoto ya akwati ndi oyendetsa minibasi zobweza abale kumudzi asamwe mpaka ntchito yawo itatha. Apatseni mabotolo awo otseka kuti akamwere kunyumba. Wina akaledzera mpaka osadzuka mukamugwedeza, akupuma movutikira kapena akusanza ali chigonere, musamutsekere m'galimoto kuti "agone kaye". Mugonekeni chammbali, wina akhale naye, ndipo muthamangire naye kuchipatala.

Mukaona kuti chiwerengero cha alendo chikukwera kupyola 300, kapena m'komiti mulibe munthu wosamwa amene anzake amamuopa, lembani wokonza maphwando kapena woyang'anira bala wa tsiku limodzi, wosakhala m'bale wa mbali iliyonse. Malipiro ake nthawi zambiri saposa mtengo wa makireti amene akanasowa. Mumupatse pepala la mgwirizano, buku la makuponi ndi kiyi, ndipo mugwirizane kuti phwando likangotha, anthu asanabalalike, iye ndi msungichuma awerenge pamodzi makireti odzaza, opanda kanthu ndi mabotolo osweka, alembe, asainirane ndi eni malo usiku womwewo. Zikasiyidwa kuti tidzawerenga mawa, m'mawa mwake mumapeza makireti achepa ndipo palibe amene anaona.